Kutsitsa pH ya dothi pobzala rasipiberi pakhomo: malangizo kwa a ku Mulanje ndi Thyolo

Rasipiberi wobzalidwa kuseri kwa nyumba amakonda kuyamba bwino. Mphukira zimatuluka, masamba n'kutambasuka, koma pakatha miyezi ingapo masamba a kunsonga amayamba kuchita chikasu, mitsempha yokha n'kutsala yobiriwira. Mwini dimba amathira feteleza, palibe chosintha. Amawonjezera manyowa a nkhuku, ndiye zimangoipiraipira. Kawirikawiri chakudya chimakhala chilimo m'dothimo, koma mizu imalephera kuyamwa ayironi chifukwa pH yakwera.

pH ndi nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi m'dothi. Pa 7 ndi pakati. Nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akuchuluka, ikadutsa 7 ndiye kuti dothi lapendekera ku laimu. Rasipiberi amakondwa pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndipo ngati mukukonza bedi latsopano, cholinga chanu chikhale 6.0.

Ndinene chinthu chimodzi musanagule kanthu. Kuno ku Mulanje ndi Thyolo dothi lambiri lili kale ndi asidi wokwanira, pena wopitirira. N'chifukwa chake tiyi amachita bwino kuno: iye amafuna pH ya 4.5 mpaka 5.5, ndipo mvula yochuluka ya m'mphepete mwa phiri imatsuka laimu wa m'nthaka chaka ndi chaka. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera anthu a kumaiko komwe dothi lake ndi la laimu. Mukawatsatira osayeza, mudzathira salufa pamalo pofunika laimu. Amene amafunikadi kutsitsa pH kuno ndi omwe akulima pafupi ndi nyumba, pamene pakhala pakutayidwa phulusa, madzi a sopo ndi zotsalira za simenti, ndiponso omwe akulima pa chulu. Choncho theka la ntchitoyi ndi kuyeza, ndipo musalidumphe.

## Zofunika kukhala nazo

- Khasu, ndi fosholo ngati ilipo
- Ndowa ya pulasitiki yotsuka bwino, yomwe simunasungiremo simenti, laimu kapena feteleza
- Timapepala toyezera pH, makamaka tosonyeza manambala otalikirana ndi theka: 5.0, 5.5, 6.0 mpaka m'tsogolo
- Madzi a mvula olandirira m'chidebe choyera bwino, kapena madzi a distilled othira m'batire ya galimoto. Chenjerani: madziwo, osati asidi wa batire
- Viniga woyera, kapu ndi supuni
- Tepi yoyezera, kapena chingwe chotalika mita imodzi
- Sikelo yowerenga magalamu
- Salufa wa ufa wachikasu
- Feteleza wa SA (sulphate of ammonia)
- Kompositi wowola bwino, wopanda phulusa
- Zophimbira: udzu wouma, masamba a paini, utuchi wakale kapena makoko a makademiya
- Magolovesi ndi chophimba pamphuno ndi pakamwa
- Kope lolembamo tsiku, malo ndi nambala

Salufa ndi amene amasokoneza anthu kusitolo. Mukufuna salufa weniweni, wa ufa kapena wa tizidutswa, amene pa paketi palembedwa 90% kapena kupitirira. Masitolo a zipangizo za ulimi nthawi zambiri amakhala ndi wa 80% wopopera mbewu pothana ndi nguwi yoyera ya pamasamba. Ameneyonso amagwira, ngakhale ndi wodula mukamaganiza za bedi lalikulu, koma werengani paketi muonetsetse kuti sanamusakanize ndi mankhwala ena. Musagule msanga: salufa ndi SA mudzazifuna pokhapokha kuyeza kukasonyeza kuti pH yakwera.

## 1. Funsani mbiri ya malowo

Yendani pamalo pomwe mukufuna kubzala, mukumbukire zomwe zakhala zikuchitikapo. Kodi ndi pamene amayi amataya phulusa la kukhitchini? Panali uvuni wa njerwa? Amisiri ankasakanizirapo simenti pomanga nyumba? Madzi ochapira zovala ndi otsukira mbale amatsikira pamenepo? Panali chulu chomwe munachigumula n'kusalaza? Malo otere ndi amene amakhala ndi pH yokwera ngakhale munda wonse uli wa asidi, ndipo kusiyana kwake kumatha kuonekera pa mtunda wa mapazi khumi okha.

Ngati mungathe kusuntha bedi kupita pamalo opanda mbiri yotere, sunthani. Kusamuka mamita asanu n'kotchipa kuposa miyezi ya salufa.

Pewaninso pamene panali tomato, mbatatesi, mabiringanya kapena tsabola zaka zitatu kapena zinayi zapitazi, chifukwa matenda ofotetsa mbewuzi amatsalira m'dothi n'kugwira rasipiberi. A kudera la Bvumbwe, komwe tomato ndi mbatatesi zili paliponse, mfundo iyi ndi yanu. Ndipo ngati munda wanu unakutidwa ndi mchenga kapena matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zomwe munayeza kale musazidalirenso; dothi la pamwamba ndi lina tsopano.

## 2. Tengani dothi loyeza

Pa bedi limodzi sankhani malo asanu kapena asanu ndi atatu omwazikana. Palani zinyalala za pamwamba, kumbani dzenje lakuya masentimita 20, ndipo shepani dothi m'mbali mwa dzenjelo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ponyani zonse m'ndowa, phwanyani zibuma, chotsani miyala ndi mizu, sakanizani. Yanikani pamthunzi pa thumba loyera bwino.

Apa ndi pamene ambiri amalakwa: amatapa dothi la pamwamba penipeni pa malo amodzi. Pamwamba ndi pamene phulusa ndi manyowa zimatsalira, pomwe mizu ya rasipiberi imadya m'masentimita 20 mpaka 30 oyamba. Musasakanizenso dothi la pa chulu ndi la pambali pake m'ndowa imodzi. Mudzapeza nambala ya pakati yomwe siikunena zoona za malo aliwonse. Malo osiyana, ndowa zosiyana.

## 3. Yezani

Njira yodalirika ndi ya ku labotale. Tili ndi mwayi kuno chifukwa malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ali ku Thyolo konkuno, ndipo bungwe la Tea Research Foundation of Central Africa lili ku Mimosa ku Mulanje. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuuzeni komwe akulandira dothi panthawiyo ndi mtengo wake. Theka la kilogalamu ya dothi louma limakwana. Lembani dzina la malo pa thumba lililonse.

Polandira zotsatira funsani funso limodzi: anayezera m'madzi kapena mu calcium chloride? Njira yachiwiriyi imatulutsa nambala yotsikirapo ndi theka kapena kupitirirako pang'ono pa dothi lomwelo. Manambala onse a m'malangizo ano ndi a m'madzi.

Ngati mukuyeza nokha, ikani dothi m'kapu mpaka pa theka, thirani madzi a mvula ofanana ndi dothilo, takasani mphindi imodzi, n'kusiya kwa theka la ola. Viikani kapepala m'madzi odikha a pamwamba, yerekezani mtundu wake ndi wa pa bokosi muli panja powala. Bwerezani katatu. Ngati dothi lofiira likudetsa kapepala, sefani madziwo pa kansalu koyera kaye. Musagwiritse madzi a pa mjigo poyeza, chifukwa mudzakhala mukuyeza madziwo m'malo mwa dothi. Tizipangizo totchipa tobaya pansi, tokhala ndi muvi woloza nambala, ine sinditidalira: timakonda kuloza pafupi ndi 7 paliponse pamene mwatibaya.

Kenako chitani chiyeso cha viniga, chomwe chimatenga mphindi imodzi koma chingakupulumutsireni ndalama. Ikani supuni ziwiri za dothi louma pa mbale, dontheretsani viniga. Likachita thovu n'kumveka phokoso la kuwira, muli laimu weniweni, kaya wa simenti, wa phulusa kapena timiyala toyera ta m'chulu.

Yezaninso madzi omwe mudzathirire. Madzi a m'mipopi yochokera m'phiri la Mulanje amakhala ofewa, koma a m'mijigo ina ya kuchigwa ali ndi laimu. Zizindikiro zake mukuzidziwa: zoyera zokakamira m'ketulo, ndi sopo wovuta kuchita thovu.

## 4. Gamulani potengera nambala

Pansi pa 5.5: musathire salufa ngakhale pang'ono. Dothi lanu likufuna laimu wa ulimi, makamaka wa dolomite amene ali ndi maginiziyamu. pH ikayandikira 5.0 n'kutsikirabe, aluminiyamu wa m'dothi amasungunuka n'kuwotcha nsonga za mizu, ndipo dothi lofiira la kuno lili naye wambiri. Ambiri a inu amene mukulima m'mbali mwa minda ya tiyi mudzapezeka m'gulu limeneli.

5.5 mpaka 6.5: bzalani. Palibe chotsitsa.

6.6 mpaka 6.9: siyani kutayapo phulusa, thirani kompositi, ndipo pobereketsa mugwiritse SA. Nthawi zambiri izi zimakwana popanda salufa.

7.0 mpaka 7.5, viniga osachita thovu: apa ndi pa salufa. Pitani pa gawo 5.

Kupitirira 7.5, kapena viniga wachita thovu: musalimbane nalo. Asidi aliyense amene salufa angapange amayamba wadyedwa ndi laimu uja, ndipo pH siitsika mpaka laimu yense atatha. Fukulani dothilo mpaka masentimita 40, kalitayeni kwina, bweretsani la kumunda lomwe mwaliyeza. Kapena mangani bedi lokwera masentimita 30 mpaka 40 ndi dothi labwino pamwamba pake. Ena amabzala m'migolo yodula pakati yoboola pansi, ndipo zimatheka ndithu.

## 5. Werengerani salufa

Yezani mulitali ndi mulifupi mwa bedi, chulukitsani kuti mupeze masikweya mita. Kenako dziwani mtundu wa dothi. Nyowetsani pang'ono, umbani m'manja. Likakana kuumbika n'kumakhukhuza zala, ndi la mchenga. Likaumbika koma n'kuthyoka mukalipinda, ndi losakanikira. Likapindika ngati la mbiya osathyoka, ndi katondo kapena makande.

Kuti pH itsike ndi theka la nambala, monga kuchoka pa 7.0 kufika pa 6.5, pa sikweya mita iliyonse pamafunika pafupifupi:

- dothi la mchenga: magalamu 35
- dothi losakanikira: magalamu 50
- katondo kapena makande: magalamu 75

Kuti itsike ndi nambala yathunthu, wirikizani kawiri.

Tiyerekeze kuti bedi lanu ndi la mita imodzi mulifupi, mamita 6 mulitali, la katondo, pH yake 7.0 ndipo mukufuna 6.0. Masikweya mita ndi 6. Pa iliyonse pakufunika magalamu 150, onse pamodzi 900. Ngati salufa wanu ndi wa 80%, wonjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi, akhale pafupifupi magalamu 1,100.

Chenjezo lalikulu: musathire onse nthawi imodzi. Thirani theka, lina sungani. Manambala awa ndi ongoyambira, ndipo katondo wathu wofiira, wotsukidwa ndi mvula kwa zaka zosawerengeka, amagonja msanga kuposa makande akuda a kudambo. Nthawi zambiri theka loyambalo limodzi ndi mvula ya chaka chimodzi zimafikitsa pH pomwe mumafuna. Mukapyola muyeso, mudzayambanso kugula laimu n'kudikira miyezi ina. Musadutse magalamu 100 pa sikweya mita pa ulendo umodzi.

Musayeze ndi maso kapena ndi dzanja. Ngati mulibe sikelo, pemphani wa pagolosale akuyezereni magalamu 50 kamodzi, muwathire m'kachitini, mulembe mzere pomwe afika. Kachitiniko kakhale muyeso wanu.

## 6. Thirani n'kusakaniza

Nthawi yabwino ndi Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, mvula itatsala pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti salufa payekha si asidi. Tizilombo tosaoneka ndi maso ta m'dothi ndi timene timamudya n'kumusandutsa asidi, ndipo timagwira ntchito dothi likakhala lofunda ndi lonyowa. Zili ngati thobwa: ukathira chimera sumwa pompo, umadikira kuti chigwire. Mukathira mu Juni nthawi ya chiperoni, dothi lili lozizira, salufa amangokhala mpaka kutentha kubwere.

Gaulani bedi mpaka masentimita 20, chotsani zidutswa za njerwa, simenti ndi makala. Sankhani m'mawa wopanda mphepo, valani magolovesi ndi chophimba pamphuno, chifukwa fumbi la salufa limayabwa m'maso ndi kukhosi. Sakanizani salufa ndi ndowa imodzi ya dothi louma kapena mchenga kuti amwazike mofanana. Wazani theka mukuyenda mulitali mwa bedi, theka lina mukuyenda mopingasa. Yalani kompositi wokhuthala masentimita 5 pamwamba, ndipo tembenuzani zonse ndi khasu kawiri mpaka chikasu chisaonekenso.

Kusakaniza kumeneku musakuchitire ulesi. Salufa sasungunuka m'madzi ndipo sayenda m'dothi. Pomwe wagwera ndi pomwe amagwira, ndiye akaunjikana malo amodzi pamakhala kachigawo ka asidi woopsa kowotcha mizu, pambali pake pali posasintha.

Kwezani bedi masentimita 20 mpaka 30 ndipo kumbani ngalande m'mbali. Ndi mvula ya kuno imeneyi si nkhani yosankha. Rasipiberi amawola mizu madzi akadikha, ndipo salufa m'dothi lodzaza madzi amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lowola, umene umapha mizu. Mukamva fungo limenelo, tsegulani ngalande n'kutipula bedi. Pa malo otsetsereka, bedi lipingase chitunda kuti mvula isakokolole salufa wanu kupita naye kwa oyandikana nawo.

Thirirani, phimbirani ndi udzu, lembani tsiku m'kope. Salufa wotsala msungeni pouma, kutali ndi moto chifukwa amayaka, ndiponso pomwe ana ndi nkhuku sangafike.

## 7. Dikirani, yezaninso

Mvula ikadukiza, thirirani kuti bedi likhale lachinyontho. Pakatha miyezi itatu, cha mu Febuluwale, tengani dothi monga pa gawo 2 n'kuyeza ndi njira yomwe ija munayezera poyamba. Mukasintha njira simudzadziwa ngati chasintha ndi dothi kapena choyezera.

Mukapeza 6.5 kapena kutsikirapo, lekani pomwepo. Salufa wotsalira m'dothi apitirizabe kugwira kwa miyezi ingapo. Mukapeza kuti yatsika koma sinafike, thirani theka la yemwe munasunga, mudikire miyezi ina iwiri kapena itatu. Ngati siinasunthe n'komwe, musawonjezere. Bwererani ku viniga ndi ku madzi othirira, chifukwa pali china chomwe chikubweza laimu m'bedimo.

## 8. Bzalani ndipo musalole pH kukweranso

Amene ali ndi madzi othirira angabzale nyengo yozizira, mu Juni kapena Julayi. Ena adikire mvula yotsatira. Siyani masentimita 50 pakati pa mbewu ndi mamita awiri pakati pa mizere, ndipo mangani mawaya kapena nsungwi zoyedzamira. Ndionjezere apa kuti rasipiberi ndi mbewu ya malo ozizira. Kumtunda kwa Thyolo ndi m'munsi mwenimweni mwa phiri amachita bwino kuposa kuchigwa kotentha, ndipo pH ngakhale ikhale yabwino chotani siingachotse vuto la kutentha. Kumalo otentha m'patseni mthunzi wa masana. Komanso musazule rasipiberi wachikasu wa m'tchire uja, yemwe zipatso zake zimagulitsidwa m'mbali mwa msewu wokwera phiri la Zomba, n'kudzamubzala pakhomo. Ndi wobwera, walanda kale malo ambiri m'phiri la Mulanje, ndipo akakhazikika kumuchotsa n'kovuta.

Pobereketsa gwiritsani SA: magalamu 15 pa sikweya mita mphukira zikayamba kukula, ndi 15 ena pakatha masabata asanu ndi limodzi, dothi lili lonyowa. Mwa feteleza wopezeka kuno, SA ndi amene amawonjezera asidi kwambiri, n'chifukwa chake amagwirizana ndi tiyi. Yureya amawonjezera pang'ono, CAN pafupifupi sasintha kanthu. Feteleza musamukhudzitse ku tsinde.

Manyowa asankheni. A nkhuku zoikira mazira amakhala ndi laimu wochokera m'chakudya chawo ndipo amakweza pH. Feteleza wa Mbeya ndi wabwino ku chimanga, koma m'kapangidwe kake muli phulusa, choncho pa bedi lomwe mwavutikira kulitsitsa asafikepo. Kompositi wa masamba ndi manyowa a ng'ombe owola bwino ndiye oyenera.

Phimbirani mokhuthala masentimita 5 mpaka 8, kusiya mpata wa zala zinayi kuzungulira tsinde, ndipo muziyang'anira chiswe. Ngati mjigo wanu ndi wa laimu, landirirani madzi a padenga m'migolo nthawi ya dzinja kuti akuthandizeni m'chilimwe.

## Ngati rasipiberi ali kale m'bedi

Yambani mwayang'ana masamba bwinobwino, chifukwa chikasu chili ndi magwero angapo. Chikakhala pa masamba ang'onoang'ono a kunsonga, mitsempha ili yobiriwira, ndi ayironi, ndipo pH yokwera ndi yoyamba kuiganizira. Chikakhala pa masamba akale a m'munsi, tsamba lonse lofanana, ndi njala ya nayitirojeni. Chikakhala pa masamba akale koma pakati pa mitsempha, kawirikawiri ndi kusowa kwa maginiziyamu, komwe kumachitika pa dothi la asidi wochuluka. Chomalizachi n'chofala kuno, ndipo munthu akachiona n'kuthamangira salufa, amakhala akuwonjezera matenda omwewo. Mizu yowola ndi madzi nayonso imachititsa chikasu. Yezani kaye.

Mukatsimikiza kuti pH yadutsa 6.8, simungathenso kugaula chifukwa mizu ili pamwamba. Sunthani zophimbira, wazani magalamu 30 mpaka 50 a salufa pa sikweya mita motalikira masentimita 10 kuchoka pa tsinde, palasani ndi zala kapena kamtengo mosapitirira masentimita atatu, thirirani, bwezerani zophimbira. Bwerezani pakatha miyezi itatu ngati kuyeza kwalola. Njira iyi ndi yochedwa, ingatenge chaka. Podikira, feteleza wopopera pamasamba wokhala ndi ayironi amabweza kubiriwira kwa kanthawi. Poperani madzulo, ndipo dziwani kuti dothi sakulikonza.

## Zolakwika zofala

Kuthirira ndi viniga kapena madzi a mandimu. pH imatsika lero, pakatha masiku ochepa yabwerera, chifukwa tizilombo ta m'dothi timadya asidi ameneyu. Mukachulutsa, mizu imapsa. Viniga ntchito yake ndi kuyeza basi.

Kuthira asidi wa batire. Musayese n'komwe. Amawotcha khungu ndi maso, ndipo wochokera m'batire yakale ali ndi mtovu umene umatsalira m'dothi lomwe mukulimamo chakudya cha ana anu.

Kudalira masamba a paini, masamba a tiyi otsala m'tiyipoti kapena utuchi. Ndi zophimbira zabwino, zimasunga chinyontho, koma zikawola pH siisintha mokwanira kuti muione pa kapepala. Utuchi watsopano mukaukwirira m'dothi umalanda nayitirojeni, mbewu n'kuchita chikasu china chomwe mudzachisokoneze ndi cha pH. Uzikhala pamwamba.

Kuganiza kuti chilichonse cholembedwa S chimatsitsa pH. Salufa wa mu feteleza wokulitsa wa chimanga, uja wolembedwa 4S kapena 6S, ndi chakudya cha mbewu, si wotsitsira pH. Chimodzimodzi gypsum ndi mchere wa Epsom.

Kugula aluminium sulphate chifukwa amagwira msanga. Amagwiradi msanga, koma mukuthira aluminiyamu pa dothi lomwe lili naye kale wambiri. Ngati nthawi yakutherani, iron sulphate ndi wabwinoko: amagwira m'masabata atatu kapena anayi, kungoti pamafunika wochuluka kasanu ndi kamodzi mpaka kasanu ndi katatu kuposa salufa.

Kutsanzira muyeso wa blueberry. Mbewu imeneyo imafuna pH ya 4.5 mpaka 5.5 ngati tiyi. Rasipiberi mukamufikitsa pamenepo amapinimbira.

Kuwonjezera salufa pakangotha masabata awiri. Woyamba uja amakhala asanayambe n'komwe. Onse awiri akadzagwira limodzi mu Januwale, pH imagwa kupyola pomwe mumafuna.

Kusauza a pakhomo. Inu mukuthira salufa, wina m'mawa uliwonse akukhuthula phulusa ndi madzi a sopo pa bedi lomwelo, poganiza kuti akuthandiza. Auzeni onse, mpaka ana, ndipo konzani dzenje lina la phulusa. Lili ndi ntchito kumunda wa chimanga ndi nyemba, komwe dothi la asidi likulifuna. Zinyalala nazonso musatenthere pa bedi.

Kuleka kuyeza mbewu zikayamba kubereka. Kuno mvula ndi SA zimapitiriza kutsitsa pH chaka chilichonse ngakhale mutasiya salufa, ndipo bedi lomwe linali pa 7.0 likhoza kudzapezeka pansi pa 5.5 patapita zaka zochepa. Yezani Seputembala aliyense, lembani m'kope. Nambala ikafika pa 5.8 siyani SA muyambe CAN, ndipo ikatsika pansi pa 5.5 wazani magalamu 100 a laimu wa dolomite pa sikweya mita mvula isanayambe, mudzayezenso mu Malichi.